Kodi Mmisiri Ayenera Kutchulidwa Dzina?

Munthu akatisiya, chimene chimatsala pakamwa pa anthu ndi dzina lake. Nyumba imagwa, munda adzukulu amagawana, koma dzina limayendabe. N'chifukwa chake makolo athu ankasamala kwambiri potcha mwana dzina, ndipo mpaka lero kuipitsa dzina la munthu ndi mlandu waukulu pabwalo la mfumu. Tsono ngati dzina lili lofunika chotere, tinene chiyani za munthu amene wapanga chinthu chokondweretsa dziko lonse, koma dzina lake n'kukwiriridwa iye akali moyo? Kodi walakwiridwa? Kapena ndi mmene ziyenera kukhalira, popeza luso ndi mphatso imene munthu amalandira kuti atumikire nayo anzake?

Funso limeneli lingaoneke ngati lakutali, koma lili pakhomo pathu pomwe. Pa tsiku la msika pa Golomoti kapena pa Mtakataka simulephera kuona mwana atavala malaya a pakaunjika okhala ndi chilembo cha S pachifuwa. Mukamufunsa, akuuzani mosajejema kuti chimenecho ndi chizindikiro cha Superman, ngwazi youluka m'mwamba imene chipolopolo sichiilowa. Akuuzaninso za Batman, Spider-Man ndi Black Panther, amene amawaona m'nyumba zoonetsera mafilimu. Koma mukafunsa kuti adayambitsa Superman ndani, ndi ochepa amene angayankhe, ngakhale pakati pa akuluakulu. Momwemonso, m'midzi yozungulira Mua aliyense amadziwa Chadzunda, Kasiyamaliro, Maliya ndi Makanja, koma palibe amene amatchula poyera munthu woyamba kuganiza maonekedwe a zilombo zimenezi. Pawiri ponsepa dzina la mmisiri silimveka. M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti kubisika kuwiriku n'kosiyana kwambiri, ndi kuti munthu akazindikira kusiyanako ndiye kuti wapeza muyeso woweruzira chilungamo pa nkhani za luso.

Tiyambe ndi mbiri ya Superman. Iyeyu adayambira m'timabuku ta nkhani za zithunzi, momwe nkhani imafotokozedwa ndi zithunzi zondondozana, mawu a woyankhula atalembedwa m'kabwalo pamwamba pa mutu wake, monga momwe owerenga nyuzi kuno kwathu adazolowerera ndi Joza wa Vic Kasinja kapena Zabweka wa Brian Hara. Amene adamupeka ndi anyamata awiri omwe adadziwana pasukulu ya sekondale mumzinda wa Cleveland ku America. Jerry Siegel ndiye ankalemba nkhani, Joe Shuster ndiye ankajambula zithunzi. Onse awiri adabadwa mu 1914 m'mabanja a Ayuda amene adachoka ku Ulaya kukafuna moyo wabwino kutsidya la nyanja. Mu 1932 bambo a Siegel adamwalira pamene mbala zidalowa m'sitolo yawo ya zovala. Sizodabwitsa kuti mwana wamasiye wotere adalota za munthu amene amafika msanga pamene wofooka akuzunzidwa.

Nkhani imene adapeka ndi iyi. Dziko lina lakutali, lotchedwa Krypton, lili pafupi kuphulika, ndipo makolo ena aika khanda lawo m'chombo nalitumiza ku dziko lathu lino. Khandalo lileredwa ndi anthu wamba, likula ndi mphamvu zoposa za munthu aliyense, koma libisa mphamvuzo. Masiku onse iye ndi mtolankhani wamanyazi wovala mandala, dzina lake Clark Kent. Pakagwa zoopsa avula jekete nasanduka Superman. M'nkhani zoyambirira adani ake adali anthu amene tonse timawadziwa: mwamuna womenya mkazi wake, andale akatangale, ndi mwini mgodi wosasamala za moyo wa antchito ake. Pa zaka zimenezo ku America kudali umphawi wadzaoneni, mafakitale ambiri atatsekedwa, ndipo anthu osauka adaona mwa Superman nkhoswe yowayankhulira.

Kwa zaka zingapo anyamatawa adayendayenda ndi zojambula zawo kwa osindikiza mabuku, koma kulikonse ankawabweza. Potsiriza, mu Malichi 1938, kampani ya Detective Comics, imene lero imadziwika kuti DC Comics, idagula nkhani yoyamba ya masamba 13 pa mtengo wa madola 130, ndiye kuti madola 10 patsamba. Pamodzi ndi masambawo, anyamatawa adasainira kuti umwini wonse wa Superman wapita ku kampaniyo. Nkhaniyo idatuluka m'kabuku koyamba ka Action Comics, ka mwezi wa Juni 1938, ndipo idayenda malonda modabwitsa. Pofika 1939 Superman adali ndi kabuku kakekake ndiponso ankatuluka m'nyuzi tsiku ndi tsiku. Mu 1940 adayamba kumveka pawailesi. Kenaka kudabwera mafilimu, zidole ndi zovala. Ngwazi zina zonse zovala mikanjo ndi zigoba zimene zidatsatira pambuyo pake zidaponda m'mapazi mwake.

Kunena mosakondera, kampaniyo idawalemba ntchito anyamata awiriwa, ndipo kwa zaka pafupifupi khumi ankalandira malipiro abwino ndithu. Koma poona kuti zimene ankalandira zidali nyenyeswa chabe poyerekeza ndi chuma chimene mwana wawoyo ankabweretsa, mu 1947 adakasuma kubwalo lamilandu kuti awabwezere umwini. Bwalo lidagamula kuti Superman ndi wa kampani. Mlanduwo utatha mu 1948, ntchito idawathera, ndipo mayina awo adachotsedwa pa timabuku tonse. Shuster maso adayamba kumuvuta mpaka adalephera kujambula, nayamba kugwira ntchito yopereka katundu m'makomo. Siegel adabwerera ku kampani ija mu 1959 kukalemba nkhani za Superman ngati waganyu, dzina lake osaoneka pena paliponse, ndipo pambuyo pake adakhala kalaliki wa malipiro ochepa.

Mu 1975, zitamveka kuti kukukonzedwa filimu yaikulu ya Superman, Siegel adalemba kalata yofotokozera dziko lonse za umphawi wawo. Ojambula anzawo, makamaka Neal Adams ndi Jerry Robinson, adaimirira nawo, ndipo nyuzi ndi wailesi zakanema zidainyamula nkhaniyo. Manyazi adagwira eni kampani. Mu Disembala chaka chomwecho kampani ya Warner, imene nthawiyo idali mwini wa DC, idavomera kupatsa aliyense wa iwo madola 20,000 pachaka kwa moyo wake wonse, ndiponso kubwezeretsa mayina awo. Filimu ija itatuluka mu 1978, mayina a Siegel ndi Shuster adaoneka pachiyambi pake. Shuster adamwalira mu 1992, Siegel mu 1996. Mu 2024 kabuku kamodzi kokha ka Action Comics koyamba kaja, kamene mu 1938 kankagulidwa ndi masenti 10, kadagulitsidwa pa mtengo wa madola 6 miliyoni.

Tisanaweruze, tiyeni timvenso mbali inayo, pakuti mfumu yanzeru sigamula mlandu itangomva wodandaula yekha. Kampani ili ndi mfundo zitatu zosayenera kuzipeputsa. Yoyamba ndi yakuti pangano ndi pangano. Palibe adawagwira dzanja anyamatawo posaina, ndipo munthu ukagulitsa thole sungabwere patapita zaka kudzaitanitsa khola lonse chifukwa choti ng'ombeyo yaswana. Yachiwiri ndi yakuti kampani ndiyo idaika ndalama zake pachiswe pa chinthu chimene ena onse adachikana. Kabukuko kakadapanda kuyenda malonda, Siegel ndi Shuster sakadabweza madola aja. Yachitatu ndi yakuti Superman amene dziko limamudziwa lero adakuzidwa ndi manja ambiri: olemba ena, ojambula ena, ndi ochita masewero. Mwachitsanzo, mwala wa kryptonite, umene umafooketsa Superman, anthu adayamba kuumva m'sewero la pawailesi mu 1943. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Superman adalisenza ndi anthu ambirimbiri.

Mfundo zimenezi n'zoona, koma sizimaliza mlandu. Alimi a mpunga a m'chigwa cha Bwanje amadziwa bwino za pangano limene munthu amachita m'mwezi wa Febuluwale, nkhokwe itagona, pamene wamalonda amupatsa kangachepe lero kuti adzatenge thumba lathunthu pokolola. Onse awiri avomerezana, mboni zilipo, koma palibe munthu wa chikumbumtima amene angatche katapila wotereyu kuti chilungamo. Pangano la wanjala ndi wokhuta limafunika kuliyang'ana kawiri. Siegel ndi Shuster adali ndi zaka 23 zokha, atatopa ndi kukanidwa, ndipo adalibe wowalangiza. Lamulo lingathe kuvomereza pangano lotere, koma lamulo ndi mpanda chabe wotchinga zoipa zazikulu. M'kati mwa mpandamo mumatsala malo ambiri amene umunthu wokha ndiwo umalamulira.

Palinso china choposa ndalama. Ndikagula khasu kwa wosula, khasulo ndi langa. Ndingalimire, ndingabwereketse, ndingagulitse. Koma sindingauze anthu kuti ndidasula ndine, ndipo sindingamuletse wosulayo kunena kuti ntchitoyo ndi ya manja ake. Chinthu chimagulidwa, koma choonadi chakuti adachipanga ndi uje sichili pamalonda. Choncho pochotsa mayina a amisiri awiri aja, kampani idatenga chinthu chimene sidagule, ndipo idasiya mibadwo ya owerenga ikuganiza kuti Superman adangomera yekha ngati bowa. Mwina n'chifukwa chake mu 1975 omenyera ufulu wa akuluakulu awiriwa adakana kulandira ndalama zokha popanda mayina.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Wina angafunse kuti, ngati kubisa dzina la mmisiri kuli kulakwa, nanga gule wamkulu sitimupeza wolakwanso? Zinsinsi za kudambwe sizikambidwa m'buku la sukulu, ndipo sindifuna kuzifukula pano. Zimene aliyense angaone ndi maso ake m'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare ku Mua n'zokwanira pa nkhani yathu. M'nyumba imeneyi muli zigoba za gule zoposa 400. Zina ndi zakalekale, monga Kasiyamaliro, mayi wa zilombo zonse, ndi Chadzunda, mkulu wa bwalo. Zina zidabwera ndi nyengo, monga Simoni wa nkhope yofiira wovala ngati mzungu, ndi Galimoto. Chilombo chilichonse chili ndi maonekedwe ake, nyimbo yake, kavinidwe kake ndi mwambo umene chimaphunzitsa, kawirikawiri pochita poyera khalidwe loipa limene mudzi ukudana nalo. Zikusonyeza kuti m'mibadwo yonse mwakhala anthu anzeru zakuya amene amayang'ana zochitika m'mudzi n'kuziveka nkhope. Amenewa ndi amisiri osachepera Siegel ndi Shuster, koma mayina awo sitiwamva.

Chifukwa chake n'chomveka. Chilombo chikatuluka pabwalo chimaimira mizimu ya makolo imene yabwera kudzalangiza ndi kudzadzudzula amoyo. Anthu akadati, "Awa ndi maganizo a mwana wa uje," chidzudzulocho chikadasanduka mkangano wa pakati pa mabanja awiri, ndipo wodzudzulidwayo akadapita kukasuma kwa mfumu. Koma popeza mwini mawu sadziwika, gule amatha kunena zimene munthu wamba sangayerekeze kunena, ngakhale kwa mfumu imene. Apa dzina limabisika kuti uthenga ukhale ndi mphamvu. Superman nayenso m'nkhani zake amabisala m'jekete la Clark Kent mwa kufuna kwake, kuti agwire ntchito yake bwino. Amene adamupeka okha ndiwo adabisidwa asakufuna.

Tikaika nkhani ziwirizi pamodzi, tipeza mafunso atatu amene angatithandize kuweruza paliponse pamene dzina la mmisiri lasowa. Loyamba: adasankha ndani kuti dzinalo libisike? Wolowa gule amadziwiratu mwambo wake, ndipo mwambowo umamanga onse mofanana, mwana wa mfumu ndi mwana wa mkamwini yemwe. Siegel ndi Shuster adafafanizidwa ngati chilango chifukwa chofunsa zawo. Lachiwiri: akudya phindu ndani? Gule wa pamaliro, pachinamwali kapena polonga mfumu salipiritsa pakhomo. Zosupa zimapita kwa ovina ndi oimba ng'oma, nsima ndi mowa amagawana, ndipo phindu lenileni, lomwe ndi mwambo, ndi la mudzi wonse. Phindu la Superman lidalowa m'matumba a anthu ochepa. Lachitatu: mmisiriyo watsala ndi chiyani? Waluso wa kumudzi, ngakhale satchulidwa pabwalo, anzake a m'gulu amamudziwa ndipo amamupatsa ulemu wake. Shuster adatsala ndi maso akhungu ndi thumba lobooka.

Pamenepa ndisamveke ngati ndikunena kuti kumudzi kulibe dyera. Gule akatengedwa kukasangalatsa alendo kuhotela kapena kukakometsa msonkhano wandale, ndalama n'kuthera m'thumba la wokonza mwambowo, ovina n'kubwerera kwawo ndi fumbi lokha, funso lachiwiri lija limatitsutsa ifenso. Akuluakulu adaziona kale zoterezi pamene adati wopusa adaomba ng'oma, ochenjera navina. Muyeso umene tayezera kampani ya ku America tiyenera kudziyezera nawonso ife eni.

Nkhaniyi yakula msinkhu m'dera lathu lino chifukwa luso lathu lidatuluka m'mudzi n'kulowa pamsika. Mishoni ya Mua idakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, ndipo kwa zaka zambiri mpingo ndi gule sankamwerana madzi. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene adafika m'dziko muno mu 1967 ndipo adapatsidwa mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Pamenepa anyamata ambiri adaphunzira kusema, ndipo ziboliboli za ku Mua zidafika m'matchalitchi a m'Malawi muno ndi a kunja komwe. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti gule wamkulu wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi chimodzi mwa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi. Mu 2012 Bambo Boucher adatulutsa buku lalikulu lofotokoza zilombo za gule, lotchedwa When Animals Sing and Spirits Dance. Lero zithunzi za gule zili m'mabuku, pansalu ndi pa intaneti.

Zonsezi n'zonyaditsa, koma zabweretsa funso limene makolo athu sadakumane nalo. Munthu amene wakhala milungu itatu akusema chiboliboli choti agulitse sali kudambwe; ali pamalo omwe adaima Joe Shuster mu 1938. Wosema wa m'mbali mwa msewu wa Khwekhwerere akagulitsa ntchito yake motchipa chifukwa mwana wabwezedwa kusukulu, wogulayo n'kukaigulitsa mumzinda pa mtengo wowirikiza kangapo, amene akaiike m'nyumba mwake kutsidya la nyanja adzangonena kuti ndi chosema cha ku Africa, ngati kuti Africa ndi munthu wokhala ndi manja awiri ndi sompho. M'nyumba zambiri zosungiramo zakale ku Ulaya ndi ku America muli zosema za kuno kwathu zolembedwa dzina la mtundu wa anthu ndi la mzungu amene adazitola, koma popanda dzina la wosema. Mwambo wobisa dzina uli bwino pabwalo pamene udabadwira. Ukazulidwa pamenepo n'kupita nawo kumsika, umasanduka chophimba cha odyera anzawo masuku pamutu. Wamalonda asabisale kumbuyo kwa chikhalidwe ponena kuti luso la Achewa lilibe mwini, pamene iye ndalama zake zili ndi mwini.

Dzina la mmisiri lili ndi ntchito inanso: limatiuza amene akuyankhula nafe. Mu 1975 ku South Africa kudatuluka timabuku ta ngwazi yakuda yotchedwa Mighty Man, yovala mofanana ndi Superman, imene inkalimbana ndi mbava ndi zigawenga m'makomboni a anthu akuda, koma yosatchulapo kanthu za tsankho limene linkasautsa anthuwo. Pambuyo pake zidaululika kuti ndalama zosindikizira timabukuto zinkachokera mwachinsinsi ku boma latsankho lomwelo. Mighty Man sadakhalitse. Adazimirira zitangochitika zipolowe za ku Soweto za mu 1976. Uku ndi kubisa dzina kwa mtundu wachitatu, kubisa pofuna kunyenga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wophunzira wanzeru akamawerenga nkhani kapena kuonera filimu ayenera kudzifunsa kuti adaipanga ndani, adalipira ndani, ndipo akufuna kuti ine ndikhulupirire chiyani.

Funso lomweli likhudza Black Panther, ngwazi imene achinyamata ambiri a mu Africa amaikonda. Adaipeka mu 1966 ndi azungu awiri a ku America, Stan Lee ndi Jack Kirby, pamodzi ndi dziko lake longoyerekeza la Wakanda, limene atsamunda sadalilamulirepo. Filimu yake ya mu 2018 idapanga ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Kirby adamwalira mu 1994 atakhala zaka zambiri akukangana ndi kampani ya Marvel pa za ntchito ya manja ake, ndipo ana ake adamvana ndi kampaniyo mu 2014. Palibe cholakwika kukondwera ndi Wakanda, koma n'kofunika kudziwa kuti ndi Africa wolotedwa ndi alendo. Ena adayamba kale kulota okha: mu 2014 Loyiso Mkize wa ku South Africa adatulutsa ngwazi yake yotchedwa Kwezi. Ifenso tili ndi nkhokwe yodzaza, kuyambira Kalulu ndi Kalikalanje wa m'nthano mpaka zilombo za pabwalo. Tsiku limene mmodzi wa inu adzajambule ngwazi yochokera m'nkhokwe imeneyi, adzakhala ndi ngongole ziwiri: kuteteza dzina lake, ndi kuvomereza poyera mudzi umene watapako nzeruzo, osaulula zimene eni mwambo sadamulole.

Ngongole yachiwiriyi tisaiiwale, pakuti mmisiri nayenso angathe kukhala wakuba. Batman adatuluka mu 1939, ndipo kwa zaka zoposa 70 ankalembedwa kuti ndi wa Bob Kane yekha. Koma zambiri zimene anthu amakonda mwa Batman adaganiza ndi mnzake Bill Finger, amene adamwalira ali wosauka mu 1974. Dzina la Finger lidayamba kulembedwa mu 2015, mwini wake atagona m'manda zaka 41. Apa wofafaniza dzina sadali kampani yokha. Adali mnzake wodyera naye mbale imodzi. Ndiponso palibe mmisiri amene amayamba popanda pomuyambira. Siegel mwini wake adavomereza kuti poganiza za Superman ankakumbukira Samisoni wa m'Baibulo ndi Hercules wa m'nthano za Agiriki. Wofuna kuti dzina lake litchulidwe ayambe ndiye kutchula amene adamutsogolera njira.

Dziko lathu lili ndi malamulo pa nkhaniyi. Lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso lidakhazikitsidwa mu 1989, bungwe la COSOMA lidayamba ntchito mu 1992, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano m'malo mwa lakale lija. Malamulowa amateteza wolemba, woimba, wojambula ndi wosema, ndiponso amati nthano, magule ndi zaluso zamakolo boma limazisunga m'malo mwa Amalawi onse. Wophunzira aliyense waluso ayenera kuwadziwa malamulo amenewa, ndipo asasaine pepala lililonse asanaliwerenge ndi kufunsa odziwa, pakuti safunsa adadya phula. Nkhanga zidapangana kusanapse; nthawi yokambirana za umwini ndi pamene ntchito isanatchuke. Komabe tisaiwale kuti amene adabwezera Siegel ndi Shuster mayina awo sadali woweruza milandu. Adali amisiri anzawo amene adakana kukhala chete, ndi anthu wamba amene adamva nkhaniyo nanena kuti zimenezi si zoona.

Choncho udindo waukulu uli pa ife ogwiritsa ntchito zaluso, ndipo umayambira pa zinthu zazing'ono. Wophunzira amene wakopera chimangirizo cha mnzake n'kulembapo dzina lake wachita zimene adachita Bob Kane. Amene walakatula ndakatulo ya wina pamsonkhano wa sukulu, nalandira kuwomba m'manja osatchula mlembi, wavala malaya obwereka n'kukana mwini wake. Amene amadzaza foni yake ndi nyimbo zokopera, woimbayo osalandirapo ngakhale tambala, sangaloze chala kampani ya ku America. Ndipo amene amanenerera chiboliboli mpaka mtengo wake kufanana ndi wa mtolo wa nkhuni, podziwa kuti wosemayo wapanikizika, ndi wakatapila ngakhale atavala tayi.

Tsono yankho la funso lathu ndi ili. Ntchito yaluso ikatuluka m'manja mwa mmisiri imakhala ya onse pa kuikonda, kuiphunzira ndi kuikuza, ndipo mmisiri amene angafune kuitsekera m'nyumba mwake ndiye kuti sadamvetse mphatso yake. Koma kunena zoona za amene adaipanga, ndi kumupatsa gawo loyenera la phindu lake, ndi ngongole imene siitha ndi kusaina pepala. Mmisiri ali ndi ufulu wobisa dzina lake chifukwa cha mwambo kapena chifukwa cha uthenga wake, ndipo kutero ndi kudzichepetsa koyenera ulemu. Wina aliyense alibe ufulu womubisira dzinalo kuti adye thukuta lake. Mukadzakumana ndi ntchito yokongola yopanda dzina, kaya ndi buku, nyimbo, chithunzi kapena chosema, dzifunseni kuti adasankha kubisalako ndani, akudya phindu ndani, ndipo mmisiriyo watsala ndi chiyani. Mayankho a mafunso atatuwa adzakuuzani ngati mwaona mwambo kapena mwaona umbava.